Maphunziro a zaumoyo kwa amayi othawa kwawo, ndiyambire pati?

Wongoyamba: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi kavuto mundithandize maganizo. Bungwe lomwe ndimathandizako landiuza ndikonze maphunziro a zaumoyo a amayi othawa kwawo komanso ena amene anangobwera kudzasaka ntchito, akuti tizikumana kamodzi pa sabata kwa masabata 6, maola awiri awiri. Amayi alipo ngati 30, zilankhulo zitatu zosiyana, ena kuwerenga sadziwa ena ndikumva kuti sukulu anapita nayo patali ndithu. Ndiye ndalemba mitu yafika 19 kkkk, kulera, sikelo, katemera, HIV, TB, khansa, ukhondo, nkhanza, ufulu, bizinesi, zonse. Ndikayang'ana nthawi siikukwana olo pang'ono. Inu amene munapangapo zoterezi ndichotse ziti?

Mzamba Wopuma: Mwana wanga mitu 19 pa maola 12? Ameneyo ndi madzi othira mumtsuko wodzadza kale, angotayika pansi. Ndipo maola 12 wo sali onse anu, muchotsepo nthawi ya omasulira, chiganizo chilichonse chikunenedwa katatu, muchotsepo ana olira, ochedwa chifukwa anali pamzere wina. Mutsala ndi maola mwina asanu enieni.

Wongoyamba: Eish amayi mwandifooketsa kkk

Mzamba Wopuma: Sindikukufooketsani ayi. Ndikuti musankhe zinthu zoti mayi akazifune usiku inu kulibe. Dzifunseni kuti chimene chingamuphe kapena kumupweteka sabata yamawa ndi chiyani ngati sakuchidziwa. Zinazo zidikire.

Nesi wa Usiku: Ndigwirizane ndi amayiwa. Ine ndikanakhala inu tsiku loyamba lisanathe aliyense atuluke akudziwa manambala awiri, 72 ndi 120. Mayi akagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, masiku atatu, ndipo amamwa masiku 28 osadukiza. Mapiritsi olera a pangozi amagwira mpaka maola 120, masiku asanu, koma akamwa msanga ndi pomwe amagwira bwino. Ndawalandirapo amayi ambiri obwera patatha sabata, ena mwezi, atayamba kaye kulira okha, kenako kuuza mnzawo, mnzawo nkuwauza kuti dikirani tione. Ukawauza kuti PEP nthawi yake yadutsa amangokuyang'ana, amati palibe anandiuzapo kuti pali nthawi. Ndipo muwauzenso kuti olo masikuwo atadutsa abwerebe, pali matenda ena opatsirana ofunika mankhwala, pali mabala, pali kuyezetsa.

Kadaulo wa Mafomu: Zimenezi zili ngakhale mu MISP ija, ndondomeko ya chithandizo choyambirira cha uchembere pakagwa ngozi kapena nkhondo, imati ziyambike mkati mwa maola 48 vuto likangoyamba. Thandizo la ogwiriridwa lili momwemo, kubereka kotetezeka, kulera, HIV. Papepala zonse zilipo. Vuto ndi lakuti mayi mwini wake sadziwa kuti zilipo ndiponso kuti khomo lake ndi liti.

Nesi wa Usiku: Eeetu, khomo. A Wongoyamba musangonena kuti pitani kuchipatala. Chipatala chiti, khomo liti, chimatsegula nthawi yanji, usiku amalowera kuti, akafika anene mawu oti chiyani kwa wapageti osachita kuulula zonse pagulu. Ngati nkotheka muwatenge tsiku limodzi mukayende nawo mpaka pakhomopo aone ndi maso. Ulendo umodzi umenewo umaposa ma chati khumi.

Womasulira: Ndilowepo pa nkhani ya zilankhulo chifukwa ndi ntchito yanga ndipo ndi pomwe zinthu zimaonongekera anthu osazindikira. Chonde chonde musalole ana kumasulira. Ndikudziwa ndi zophweka, ana amagwira chilankhulo chatsopano msanga kusukulu ndiye mayi amangomukoka mwana kupita naye. Tsiku lina ndinaitanidwa mochedwa pa chipatala china, ndinapeza kamnyamata ka zaka mwina 11 kaima pakati pa mayi ake ndi dokotala, kakuyang'ana pansi kakukanda simenti ndi chala chakuphazi. Mayi anali atafotokoza kuti akutuluka magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, komanso chikazi chonunkha kwa miyezi. Mwana uja anauza dokotala kuti amayi m'mimba mukuwapweteka. Basi. Dokotala anali atayamba kale kulemba mankhwala a m'mimba. Nditamutulutsa mwana uja nkuwafunsanso mayiwo ndi pomwe zinatuluka, mpaka anawatumiza kukayezetsa khomo la chiberekero. Mwanayo sindimuda, inu mungauze mlendo zimenezo zokhudza mayi anu okuberekani?

Mayi a Mapasa: Mayo ine, kamwanako kanasenza katundu osati wake

Womasulira: Ndipo amuna awo nawonso ayi. Mwamuna akamamasulira, funso lakuti kunyumba muli pamtendere yankho lake limakhala eya nthawi zonse, mayi asanatsegule nkomwe pakamwa.

Wongoyamba: Apa mwandigwira, chifukwa ndimaganiza zopempha atsikana awiri a sekondale ana a amayi omwewo kuti andithandize. Ndasiya.

Womasulira: Siyanidi achemwali. Pezani amayi akuluakulu amene amadziwa zilankhulo ziwiri, mukhale nawo kaye panokha musanayambe, mugwirizane mawu. Pali mawu ena ngati khomo la chiberekero kapena kachilombo amene m'zilankhulo zina alibe liwu limodzi lodziwika, ena alipo koma ndi otukwana, womasulira akachita manyazi amangowazemba inu osadziwa. Mukaona inu mwalankhula mphindi yathunthu iye wamasulira mawu atatu, dziwani kuti china chagwera panjira. Komanso nkhani ya chinsinsi muwauze mosabisa, anthu amenewa amakhala moyandikana, chonenedwa m'kalasi chikangomveka kunja ndiye kuti sabata yotsatira mupeza mipando yokhayokha.

Mlongo Wakutali: Ine ndimangowerenga koma apa ndiyankhulepo monga munthu amene ndinakhalapo mbali inayo. Sindinathawe nkhondo, ndinapita dziko lina kukagwira ntchito ya m'nyumba, zaka zinayi. Pasipoti anandilanda tsiku lomwe ndinafika akuti akusungira. Ndinadwala, kutsokomola miyezi iwiri, kuonda, thukuta usiku, ndinkadziwa bwinobwino kuti izi zikufanana ndi TB, sikuti ndinali mbuli ayi. Chimene chinkandiletsa kupita kuchipatala ndi mantha, ndimati akandifunsa mapepala ndiye basi andiitanira apolisi. Ndiye mukamati muwaphunzitse zizindikiro za matenda, ambiri akuzidziwa kale. Funso lomwe lili mumtima mwawo ndi lakuti ndikapita akandigwira? akandilipiritsa? akauza abwana anga? Mukapanda kuyankha zimenezo zina zonse ndi nyimbo chabe.

Wongoyamba: Pepani kwambiri achemwali. Ndiye munathandizika bwanji?

Mlongo Wakutali: Mayi wina wa dziko lina amene ankagwira nyumba yoyandikana ndi amene anandiuza kuti pali kiliniki yomwe safunsa mapepala, ndipo anandiperekeza yekha tsiku lake lopuma. Inalidi TB, ndinamwa mankhwala miyezi 6 ndinachira. Onani, sanali dokotala, sanali wa bungwe, anali wantchito mnzanga yemwe ngakhale chilankhulo timangomvana mwapatalipatali.

Kadaulo wa Mafomu: Apa pali mfundo yomwe a Wongoyamba musaiphonye, gulu lanulo muli anthu a mitundu iwiri pamaso pa malamulo. Wothawa kwawo ali pansi pa pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwawo ndi zoonjezera zake za 1967, sayenera kubwezedwa komwe moyo wake uli pachiswe, ndipo UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, imamudziwa. Wobwera kudzasaka ntchito, makamaka wopanda mapepala, chitetezo chimenecho alibe, zake zimadalira malamulo a dziko lomwe alimo ndipo amasiyana dziko ndi dziko. Ndiye musakalonjeze pagulu kuti nonse chithandizo ndi chaulere palibe angakufunseni kanthu musanafufuze. Mupite nokha mukafunse pa chipatala chomwe muziwatumizacho, kapena muitane munthu wodziwa malamulo a kumeneko adzayankhe yekha. Mukawanamiza kamodzi olo mosadziwa sadzakukhulupiriraninso.

Mlongo Wakutali: Zoona. Ndipo za ife a m'nyumba pali pangano la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, nambala 189 la 2011 lonena za ufulu wa antchito a m'nyumba, tsiku lopuma, malipiro, zonsezo. Ine ndinalimva nditabwerako kale kkkk, ndiponso maiko ambiri sanalivomereze mpaka pano.

Bambo Mmodzi Pagulu: Ndifunse nawo ngakhale ndili ndekha wamwamuna muno. Bwanji osaitana amuna awo? Mukaphunzitsa mayi za kulera yekha akafika kunyumba bambo akakana zathera pomwepo, mwinanso mwayambitsa ndewu. Amunafe tikamva tokha kuchokera kwa a chipatala timamvetsa.

Nesi wa Usiku: Achimwene mfundo yanu ndi yoona theka. Amuna aphunzitsidwe inde koma tsiku lawo, pawokha, ndi mwamuna mnzawo. Mukawaika chipinda chimodzi amayi onse amasanduka osalankhula, ndinaziona. Ndipo pali amayi amene amabaya jakisoni wa miyezi itatu mwakabisira chifukwa anabereka ana motsatizana thupi latopa ndipo bambo samva, ameneyo ndi ufulu wake, sitingamuulule m'dzina lakuti banja lizigwirizana.

Bambo Mmodzi Pagulu: Koma zobisirana m'banja si zabwino a Nesi

Nesi wa Usiku: Si zabwino eya. Koma ine amene ndimalandira mayi akutaya magazi 2 koloko usiku pa mimba yachisanu ndi chiwiri ndimaona zoipa kuposa pamenepo.

Mayi a Mapasa: Bambo inu mukonze gulu la amuna anzanu tione ngati abwere popanda alawansi kkkkk

Bambo Mmodzi Pagulu: Kkkk mwandipeza. Koma nkhani ya amuna musaitaye, ambiri amene anathawa kwawo anali ndi ntchito, minda, ulemu, pano angokhala, thandizo likulembedwa dzina la mkazi, maphunziro onse ndi a akazi. Mkwiyo umenewo umakathera pa mkazi yemweyo. Sindikuikira kumbuyo nkhanza ayi, ndikungoti mukawasiya kunja amayamba kuona kalasi lanulo ngati mdani.

Mzamba Wopuma: Apo mwanena zoona bambo. Tsiku limodzi la amuna likhalepo, ndipo muyambe ndi zizindikiro zoopsa za mayi woyembekezera, pamenepo palibe mwamuna amatsutsa. Kutaya magazi, mutu waukulu pamodzi ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, nsupa kusweka nthawi isanakwane, mwana kusiya kugunda m'mimba. Chimodzi chokha mwa izi, nyamukani, osadikira kuche. Amuna ndi amene nthawi zambiri amagamula zonyamuka usiku ndiye azidziwe. Kwa amayi muonjezere zoti sikelo ayambe miyezi itatu yoyambirira, WHO, nthambi ya United Nations yoona za umoyo, kuyambira 2016 imati mayi aonedwe ka 8 pa mimba yonse, kale timati kanayi. Ndikudziwa kwa munthu woti akuyendayenda ka 8 nkovuta, koma bola ayambe msanga ndipo kabuku kake azikasunga ngati chitupa.

Nesi wa Usiku: Za kabuku zo ndionjezere. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB, shuga, BP, muwaphunzitse kujambula ndi foni botolo la mankhwala ndi tsamba la kabuku, atumizenso kwa m'bale amene amamukhulupirira. Anthu awa amasamutsidwa mwadzidzidzi, mapepala amanyowa, amatayika pamalire. Amafika kwa ife akuti ndimamwa kapiritsi koyera kamodzi usiku. Koyera kake kati? Ndipo kudukiza ma ARV kapena a TB ndi komwe kumapangitsa kuti matenda asiye kumva mankhwala.

Wongoyamba: Izi za foni sindinaziganizeko olo pang'ono, ndalemba. Nanga mbali ya kuwapatsa mphamvu ija? A bungwe akufuna pakhale za bizinesi ndi satifiketi kumapeto.

Mayi a Mapasa: Mawu amenewo a kuwapatsa mphamvu amanditopetsa ine. Mayi wayenda masabata ndi ana kumsana kudutsa malire awiri inu mukamupatse mphamvu yanji? Mphamvu ali nazo, chimene alibe ndi chilolezo chogwira ntchito ndi mpamba. Ndinaonapo amayi ataphunzitsidwa kusoka miyezi itatu, tsiku lomaliza zithunzi, satifiketi m'manja kumwetulira, makina nkubwerera ku ofesi. Satifiketi ija anakaiika pansi pa matiresi. Chaka chotsatira bungwe lina linabwera kudzawaphunzitsanso kusoka komweko.

Kadaulo wa Mafomu: Mayi mukunena zoona koma mutimvetsenso ife a m'maofesi, opereka ndalama amafuna manambala, amayi angati aphunzitsidwa, ndiye satifiketi ndi siginecha ndi zomwe zimawerengeka. Sindikuti nzabwino. Koma za chilolezo zimatengera dziko. Uganda mwachitsanzo lamulo lawo la 2006 limalola othawa kwawo kugwira ntchito ndi kuyenda, ambiri amapatsidwanso kamalo kolima. Maiko ena anasaina pangano la 1951 koma anakana ndime zina monga ya ntchito, ndiye munthu amakhala mu kampu zaka 20 osaloledwa kulembedwa ntchito. Kuphunzitsa luso kumalo oterowo osaganiza kuti akagulitsa kuti ndi kungotaya nthawi ya anthu.

Mayi a Mapasa: Ndiye bola banki mkhonde. Ija inayamba ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991 ndi amayi akumudzi ndipo pano ili m'makampu ambiri. Safuna chitupa, safuna akaunti, amayi 15 mpaka 25 amasonkha okha kubwerekana okha, bokosi la maloko atatu makiyi kwa anthu atatu osiyana, pakutha pa chaka kugawana. Ndipo muonetsetse muike kathumba kapadera ka zadzidzidzi, kameneko ndi komwe kamalipira transipoti usiku uja a Mzamba akunena. Chinanso gulu limeneli limapitiriza kukumana inu masabata anu 6 atatha, ndiye nkhani za umoyo zimapeza pokhala.

Mlongo Wakutali: Koma muchenjere ndi ngongole, ndinaona mayi wina akuthawa gulu chifukwa bambo anatenga ndalama yomwe anabwereka. Zimafunika malamulo okhwima kuyambira tsiku loyamba.

Nesi wa Usiku: Palibe watchula za maganizo. WHO inapeza mu 2019 kuti kumalo komwe kwachitika nkhondo pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliyense amakhala ndi vuto la maganizo, kukhumudwa, nkhawa ndi zina. Koma mayi sabwera nkunena kuti ndili ndi nkhawa, amati mutu, amati mtima ukuthamanga, sindigona, thupi lonse likuphwanya, timamuyeza malungo palibe, timamupatsa panado akubweranso sabata yamawa. Pali pulogalamu ya WHO yotchedwa Self-Help Plus, magawo asanu, amamvetsera mawu ojambulidwa ndi kabuku ka zithunzi, otsogolera safunika kukhala dokotala, ndipo anaiyesa ndi amayi a ku South Sudan othawira kumpoto kwa Uganda. Muifufuze. Chimene ndikupempheni ndi chimodzi, musawauze kuti aliyense afotokoze zomwe anakumana nazo pothawa. Anthu ena amachita zimenezo tsiku loyamba ngati njira yodziwirana, amayi nkuyamba kulira chipinda chonse, nthawi yatha, aliyense azipita kwawo ndi bala lotsegula. Wofuna kunena adzanena yekha nthawi yake, inu mungodziwa komutumiza.

Wongoyamba: Zikomo nonse ndithu. Ndadula mitu ija, sabata yoyamba ndingowafunsa zomwe akufuna kudziwa ndi zomwe zimawaletsa kupita kuchipatala kenako manambala a a Nesi aja, yachiwiri tikayenda kukaona makomo, kenako uchembere ndi kulera, kenako mankhwala osadukiza pamodzi ndi kuyezetsa khomo la chiberekero, maganizo, yomaliza banki mkhonde ngati aifuna okha. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, wa atsikana a zaka 9 mpaka 14 ndimulowetsa pa tsiku la khansa. Ndidzakuuzani mmene zayendera.

Mzamba Wopuma: Pa khansapo munene kuti amene ali ndi HIV ayambe kuyezetsa ali ndi zaka 25, enawo 30, chifukwa mayi wa HIV chiopsezo chake ndi chochuluka ka 6. Ndipo chilichonse mwaphunzitsa musafunse kuti mwamva, onse adzati eya. Muziti tandiuzeni mmene mukamufotokozere mnzanu amene sanabwere lero. Pamenepo ndi pomwe mudziwe chomwe chalowa.

Wongoyamba: Anzanga ndabwera ndi lipoti, dzulo tinayamba. Anabwera 24. Poyamba zii, aliyense maso pansi, ndinayamba kutuluka thukuta. Ndiye nditatchula za kutaya magazi pobereka mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko anakweza dzanja nkulankhula nthawi yaitali, womasulira akuvutika kumutsatira. Anadzuka nkubwera kutsogolo, anagwira mayi mnzake pamimba kusonyeza mmene amasisitira chiberekero kuti chilimbe mwana akangobadwa, manja ake ukuona kuti si koyamba. Ndikufunsa, akuti anali mzamba pa chipatala kwawo zaka zambiri nkhondo isanayambe, mapepala ake onse anapsa, kuno amachapa zovala za anthu. Ine ndi notsi zanga ndinangokhala pansi kkkk. Amayi aja anayamba kumufunsa iye mafunso amene ine sakanandifunsa, mpaka tinapitirira ndi mphindi 40.

Mzamba Wopuma: Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Mundiperekere moni kwa mnzangayo. Tsiku la uchembere mumusiyire iyeyo, inu muzingothandiza pa zomwe zasintha ndi za makomo a kumeneko.

Mayi a Mapasa: Ndipo mumulipire chonde, osati zikomo ndi satifiketi. Ngati pa bajeti pali ndalama ya mphunzitsi ndiye mphunzitsi wake ndi ameneyo.

Kadaulo wa Mafomu: Ngati malamulo salola kumulemba ntchito funsani a bungwe za ndalama ya odzipereka ija, m'makampu ambiri ndi momwe amalipirira othawa kwawo ogwira ntchito za umoyo. Ndi yochepa, imadandaulitsa, koma ndi poyambira.

Wongoyamba: Ndikalankhula nawo Lolemba. Koma ndatsala ndi vuto limodzi, pa chilankhulo chachitatu chija amayi ake alipo anayi okha ndipo munthu yekhayo amene ndamupeza wodziwa kumasulira ndi mwamuna, wachibale wa mmodzi mwa iwo. Dzulo anayiwo sanayankhule kanthu.

Womasulira: Ameneyo asalowe tsiku la kulera ndi la nkhanza. Afunseni anayiwo pambali ngati pali chilankhulo china chomwe mmodzi wa iwo amamvako olo pang'ono, nthawi zambiri amene anadutsa maiko angapo amakhala nacho. Zikakanika fufuzani mayi womasulira pa foni ngakhale ali mzinda wina, nthawi zina amamasukanso bwino ndi munthu amene sadzakumana naye pamsewu. Ndiuzeni ku inbox ndi chilankhulo chanji ndifunse anzanga a ntchito usiku uno.